Alamu Achitsulo ndi Dzanja la a Mbaliwali

Pa fakitale ina yopanga mabedi a m'chipatala, mlendo akafunsa za wowotcherera wamkulu ankangomulozera pangodya pamene pankang'anima kwambiri, n'kumuuza kuti, "Pitani kwa a Mbaliwali." Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. La Mbaliwalili analitola akadali mnyamata, tsiku limene anavala malaya atsopano popita ku ntchito n'kubwerako atabookabooka ndi moto ngati sefa. Kuyambira pamenepo ngakhale akazi awo akafuna kuwadzudzula ankayamba ndi dzina lomwelo.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuiwala chimene wapsera mtima. Ntchito anaiyambira m'kashedi ka m'mbali mwa msewu, kuwotcherera mageti, mawindo ndi mawilibala othyoka miyendo. Masiku amenewo chigoba chotchinjiriza maso chinali chimodzi pa anthu onse a m'shedimo, ndipo amene wachedwa kuchitola ankangotsinzina n'kudalira Mulungu. Atalowa ku fakitale anapeza mapaipi opyapyala, amene ukangochedwa pang'ono moto umawaboola, ndipo ndi pa mapaipi amenewa pamene mbiri ya dzanja lawo inamveka.

Kunena zoona, munthuyo ankaidziwa ntchito, koma ankadziwanso kuti amaidziwa, ndiye vuto lake linali pamenepo. Aliyense amene anaphunzira kwa iwo anatuluka ndi mawu amodzi m'makutu: "Liwiro limodzi! Kuyambira poyamba mpaka pomaliza, dzanja liyende liwiro limodzi, ngati langa." Ankanena akumenya patebulo ndi hamala. Amene wathamanga kumapeto kwa msoko, mzere wowotcherera polumikiza zitsulo, ankamufunsa ngati basi ikumusiya.

Akazi awo anali telala. Amuna ena pofunsira mkazi amapita ndi mawu otsekemera, koma a Mbaliwali anapita atasenza tebulo lachitsulo loikapo makina osokera, lowotcherera okha, penti isanaume n'komwe. Mayiwo amati anavomera tebulolo, mwamuna anangobwera ngati basera. Tebulo limenelo linakhala m'chipinda chakutsogolo pafupi ndi windo, ndipo linaona ana akubadwa, akukwawa pansi pake kutola timabatani, mpaka onse anakula n'kupita kwawo.

Ndiye dzanja lija linayamba kunjenjemera.

Zinayamba ndi kapu ya tiyi imene inkalira pa sosala popanda woigunda. A Mbaliwali anasiya kugwiritsa ntchito sosala, n'kunena kuti ndi zachibwana. Kenako anayamba kuyenda dzanja lamanja lili m'thumba ngati bwana woyendera ntchito. Dokotala anawauza mosabisa kuti matendawa sapha munthu, koma sachokanso. Ku ntchito sanauze aliyense. Ankaganiza kuti abisa, pamene fakitale yonse inkaona misoko yawo ikuyamba kukhotakhota, ndipo anzawo ankangoyang'ana kumbali chifukwa chowalemekeza. Panalibe chowawa kwa iwo kuposa kuona bedi limene agwira okha likubwezedwa, lili ndi chizindikiro cha choko pamsoko.

Chaka chimenecho fakitale inagula loboti yowotcherera. Unali mkono umodzi wachikasu, wautali kuposa munthu, woikidwa m'khola la waya pakati pa shedi. Antchito anaipatsa dzina tsiku lomwelo kuti Alamu, ati chifukwa abwera osaitanidwa ndipo adya za eni nyumba.

Kapitawo, amene anaphunzira kuwotcherera kwa a Mbaliwali omwewo, anawaitanira pambali.

"Madala, ndilankhule mosazungulira. Alamuwa akufuna munthu woti aziwauza chochita. Ine ndatchula inuyo. Mayi injiniya amene abwera nawo akuphunzitsani, kenako apita, adzabweranso kumapeto kwa mwezi kudzaona. Mabedi akadzatuluka bwino, malo ndi anu. Zikakanika, abwana akuti adzabweretsa munthu wakunja."

"Nanga ine?"

Kapitawo anakanda kumutu. "Kuli malo mosungira zipangizo. Kupereka magolovesi, waya, zotero. Ntchito yopepuka."

A Mbaliwali anayang'ana kakhomo ka chipinda chosungira zipangizo, kamene kali ndi kawindo koperekera zinthu, ndipo mtima unawawa ngati wabayidwa. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pa moto, azikakhala kuseri kwa kawindo n'kumaonerera anzake akuwotcherera! Anayankha kuti amva, dzanja lili m'thumba.

Mayi injiniya anali munthu wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana nkhani. Anawapatsa kabokosi kolamulira loboti, kokhala ndi mabatani ndi kagalasi koonetsa manambala, n'kuwaonetsa mmene angayendetsere mkonowo mpaka mlomo wake utafika pamene mapaipi awiri akumana.

"Bambo, apa pali zinthu zitatu zimene muzisintha," anatero mayiwo. "Kukula kwa moto, liwiro limene waya akutulukira, ndi liwiro limene mkono ukuyendera. Manambala amene ndaikawa ndi ongoyambira. Mapaipi anu ndi opyapyala, mufunika kukonza nokha. Koma chonde, musinthe chimodzi, muyese, muone. Kenako china. Ndiponso msoko mukhoza kuugawa zigawo, chigawo chilichonse ndi manambala ake."

"Kuugawa?" A Mbaliwali anaseka. "Mayi, msoko ndi umodzi, liwiro ndi limodzi. Funsani aliyense muno."

Mayiwo sanatsutse. Anangowasiyira nambala ya foni n'kupita ku fakitale ina kumene ankawadikira.

Kuyendetsa mkono a Mbaliwali anakuphunzira msanga, mpaka anadabwa okha. Kabokosiko ankakagwira ndi manja awiri atakatsamiritsa pamimba, ndipo batani silisamala kuti chala chikunjenjemera. Khutu lawo linali likadali lakuthwa. Moto ukakhala bwino umalira mosalala ngati dzira m'mafuta otentha, ndipo ukayamba kuthetheka iwo ankadziwa asanayang'ane kuti waya wachuluka. Poyambira pa msoko pankatuluka bwino, pakati pankatuluka bwino kwambiri. Koma Alamu akangofika kumapeto, pafupi ndi mlomo wa paipi, chitsulo chinkafiira, kenako bowo.

Anachepetsa moto. Bowo linatha, koma poyambira panakhala ngati phula longodontheza, ukamenya ndi hamala n'kukanganuka. Anawonjezera liwiro la mkono, msoko wonse unaonda. Apa mtima unakwera, ndipo anaiwala malangizo onse. Anayamba kusintha zitatu zonse nthawi imodzi, monga limachitira dzanja la munthu powotcherera, ndipo msoko ukatuluka bwinoko sankadziwa kuti chakonza n'chiti. Ukaipa, sankadziwanso chaononga. Mgolo wa zidutswa zotayidwa unadzaza.

"Madala, Alamu akukanabe kodi?" ankafunsa anzawo podutsa.

"Mutu wawo ndi wouma," ankayankha motero, osadziwa kuti akunena za yani.

Kuimbira foni mayi injiniya ankakuona ngati kuvula chipewa pamaso pa anthu. Mwezi unapendeka. Tsiku lina anapeza kuti wina wasesa m'chipinda chosungira zipangizo n'kuikamo mpando wa khushoni. Mwina unali ulemu, koma kwa iwo mpando umenewo unali ngati chitonzo.

Loweruka m'mawa anakhala m'chipinda chakutsogolo ali ndwii, tiyi akuzirala. Akazi awo ankasoka yunifolomu ya mwana wa neba, makina akulira, ndipo anawalekerera kaye. Atamaliza mkono umodzi wa yunifolomuyo anaimitsa makina.

"A Mbaliwali, nkhope imeneyi muithetsa liti? Makasitomala ayamba kuopa kulowa muno."

Sankakonda kukamba za ku ntchito, koma tsiku limenelo zinangotuluka zokha. Anafotokoza za bowo la kumapeto, za mgolo wodzaza, za mpando wa khushoni. "Ndachiuza chinthucho kuti chiyende ngati ine, liwiro limodzi. Ine pa mapaipi omwewo sindinkaboola. Icho chikuboola. Ndiye ndiziti chiyani?"

"Liwiro limodzi, inuyo?" anafunsa mayiwo akudula ulusi ndi mano.

"Nanga ndani?"

"Inu mumathamanga kumapeto."

A Mbaliwali anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayika. "Mayi, za nsalu ndi zanu, sindilowererapo. Za zitsulo mundisiyire."

"Iyayi bambo, musandikalipire m'nyumba mwanga muno. Bwerani kuno. Gwadani."

"Ndigwade?"

"Simunagwade pofunsira, gwadani lero."

Anagwada, akung'ung'udza, mawondo akulira. Mayiwo anakankhira mpando kumbuyo n'kuloza pansi pa tebulo, pamene chitsulo chopingasa chimakumana ndi mwendo. Penti inali itatha kalekale pamenepo. Bondo la mayiwo linakhala likukhula malo amenewo moyo wawo wonse wa m'banja, ndipo msoko unkawala ngati supuni, timizere take tonse tikuoneka ngati mamba a nsomba.

"Ine ndimasoka, ndiye maso anga anazolowera kuona kutalikirana kwa ulusi," anatero mayiwo. "Taonani kuno koyambira, timizereti tathithikana. Ndiye bwerani nato. Mukuona? Tayamba kutalikirana, tasongoka, msoko waonda. Pa makina anga zikatero ndiye kuti ndakoka nsalu mofulumira. Ndipo kumapeto kwenikweniku pali kadontho kozungulira, ngati munaima pang'ono n'kumanga mfundo. Ndakhala ndikupukuta fumbi pamenepa kuyambira ndili mtsikana. Ndinkaganiza kuti mumachita dala."

A Mbaliwali anayendetsa chala pa msokowo, chala chikunjenjemera. Anadzuka n'kupita kuchipinda, anakweza matiresi, anayang'ana bedi. Anatuluka panja, anayang'ana geti, zitsulo za m'mawindo, chogwirira cha wilibala. Neba anawaona atagwada pageti n'kufunsa ngati ataya kiyi. Paliponse zinali chimodzimodzi: poyamba timizere tothithikana, kumapeto totalikirana, kenako kadontho.

Anakhala pa sitepe ya pakhonde, ndipo zonse zinamveka. Chitsulo chimayamba chozizira, ndiye chimafuna moto wodekha. Msoko ukamapita chimakhala chikutentha, ndipo kumapeto kwa paipi kutenthako kumasowa kothawira. Dzanja lawo linkaona chitsulo chikufewa n'kufulumira lokha, osauza mwini wake. Alamu analibe maso oonera zimenezo. Ankangochita zimene auzidwa, ndipo anauzidwa bodza.

Poyamba anachita manyazi kwambiri. Anakumbukira anyamata onse amene anawakalipira chifukwa chothamanga kumapeto, ena mpaka misozi, pamene ankangotsanzira zimene ankaona mphunzitsi wawo akuchita. Kenako kuseka kunawagwira. Anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, ndipo akazi awo anasuzumira pawindo.

"Mwapenga kodi?"

"Mayi, zaka zonsezi bwanji osandiuza?"

"Munandifunsa liti? Inu mukayamba za liwiro limodzi, ngakhale wailesi imakhala chete."

Lolemba m'mawa asanavale n'komwe ovolosi anaimba foni. Mawu anatuluka movutika ngati akumeza mankhwala owawa. "Mayi injiniya, ndine uja wa mabedi. Zija munkanena zogawa msoko zija, amatani?"

Mayiwo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chipongwe. "Ndimadikira foni imeneyi, bambo. Muli nako kabokosiko m'manja? Tiyeni." Anawatsogolera batani ndi batani mpaka anadziwa kuika chizindikiro pakati pa msoko, pamene manambala asinthire. Pomaliza anawonjezera kuti, "Koma poti agawidwe pati, ndi kufulumira kwake kukhale kotani, zimenezo mapaipi anu ndi amene akuuzeni. Chimodzi chimodzi, musaiwale."

Ulendo uno anamvera. Ndipo kwa munthu wa mtima wapachala ngati iwo, kumvera kumeneko kunali ntchito yolemera kuposa kusenza zitsulo. Moto anausiya pamene unali, waya anamusiya pamene anali, anangosintha liwiro la mkono pa chigawo chomaliza. Anayesa. Bowo linachepa. Anaika chidutswacho patebulo, anawonjezera liwiro pang'ono, anayesanso, n'kuika chachiwiri pambali pa choyamba. Pofika masana zidutswa zinali zitandandalikana kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo munthu ankatha kuona ndi maso bowo likuchepa, likusanduka kachibowo, kenako banga lofiirira, kenako kulibe. Dzanja linkayabwa kufuna kugwira mabatani onse nthawi imodzi, koma ankalibweza.

Panatsala vuto limodzi. Alamu akazimitsa moto pomaliza, pankatsala kadzenje, ndipo wowotcherera aliyense amadziwa kuti mng'alu umayambira m'kadzenje kotero. Bedi la m'chipatala limakwezedwa, limatsitsidwa, limakankhidwa m'makonde muli munthu wodwala pamwamba, ndiye si malo osiyapo mng'alu. Apa anakumbukira kadontho ka pansi pa tebulo la akazi awo. Anauza mkonowo kuti ukafika kumapeto uime kanthawi kochepa, moto utachepa, waya akudzaza kadzenjeko. Koyamba unaima kwambiri n'kusiya chotupa. Anachepetsa, anayesanso, mpaka kadontho kanatuluka kozungulira bwino. Anamenya ndi hamala, anapinda paipi pa chopanira mpaka inakhota, koma msoko sunasunthe.

Tsiku loyendera litafika, mafelemu a mabedi anali atafoledwa m'mbali mwa khola. Mayi injiniya anafika, kapitawo ali pambuyo. Kapitawoyo anawerama pa felemu yoyamba, anayang'ana msoko, anapita pa yachiwiri, ndipo nkhope yake inagwa. Anawakokera a Mbaliwali pambali n'kulankhula motsitsa mawu, koma m'shedi muli phokoso munthu sanong'ona, ndiye onse anamva.

"Madala, izi si bwino. Ine ndinakulira pa misoko yanu, ndingaizindikire ngakhale pakati pa chikwi. Iyi mwawotcherera nokha ndi manja. Ndikumvetsa kuti simukufuna kupita kosungira zipangizo kuja, koma mayiwa akadziwa, tonse tichita manyazi."

Amene ankapala chitsulo anazimitsa makina ake. A Mbaliwali akale akanaphulika pomwepo, koma anangomuyang'ana kapitawoyo, ndipo chimene anamva mumtima chinali chimwemwe chachikulu. Pang'onopang'ono anatulutsa dzanja lamanja m'thumba n'kulitambasula m'mwamba pamaso pa anthu onse. Linkanjenjemera moonekeratu, zala zikugundana. Aka kanali koyamba kulionetsa.

"Ndi dzanja ili, mwana wanga?"

Kapitawo anayang'ana pansi.

A Mbaliwali anamangirira mapaipi awiri pa tebulo la m'khola, anatuluka, anatseka chitseko, anatsitsa chigoba kumaso n'kudina batani. Mkono wachikasu unawerama. Moto unayaka n'kulira mosalala, ukuyenda modekha, ndipo utayandikira kumapeto unafulumira, unaima pang'ono, n'kuzima. Chitsulo chitazirala kapitawo anachinyamula, anachitembenuza, n'kuyendetsa chala pa timizere tothithikana, totalikirana, mpaka pa kadontho.

"Koma madala," anatero ali pakati pa kuseka ndi kulira, "Alamuwa athamanga kumapeto. Basi ikuwasiya kodi?"

Shedi yonse inafa nacho chiseko, ndipo amene anaseka kwambiri anali a Mbaliwali. "Ndinkakunamizani nonsenu," anatero. "Mundikhululukire. Inenso ndinkadzinamiza."

Mayi injiniya anapinda chidutswa china pa chopanira, anachiyang'anitsitsa, kenako anafunsa kuti manambala a chigawo chomaliza anawapeza bwanji. Iwo anayankha kuti anawapeza pansi pa tebulo la telala. Mayiwo sanamvetse, koma anagwedeza mutu n'kuuza kapitawo kuti munthu wakunja safunika. Mpando wa khushoni uja unatulutsidwa tsiku lomwelo n'kuikidwa pambali pa khola la Alamu. A Mbaliwali saukhalira kawirikawiri, amati umaodzeretsa.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, anafika kunyumba ndi kachidutswa ka paipi m'thumba la jekete. Anangokaika pa nsalu imene akazi awo ankasoka. Mayiwo anaimitsa makina, anavala magalasi, anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama, anakagundika pa msoko wakale wa pansi pa tebulo, n'kuyendetsa chala chachikulu pa wina, kenako pa unzake.

"Dzanja lanu labwerera, bambo," anatero.

A Mbaliwali anakoka mpando. Anakhala pansi, ndipo akazi awo atabweretsa tiyi anapempha kuti awaikire pa sosala. Kapu inalira njira yonse kuchokera patebulo mpaka pakamwa, ndipo iwo anaileka kuti ilire.